Alamu anga akufuna ndiwasainire ngongole, koma Miyambo ikuti ndisatero

Funso: Ndine mphunzitsi, ndipo akadula msonkho ndimatsala ndi K420,000 pamwezi. Alamu anga, achimwene awo a mayi a kunyumba, akufuna kutenga ngongole ya K2,000,000 ku bungwe lina lobwereketsa ndalama kuti agule njinga yamoto ya kabaza. Chiwongoladzanja akuti ndi 5 peresenti pamwezi, kubweza kwa miyezi 12. Abungwewo akufuna munthu wapantchito asaine ngati guarantor, kutanthauza wovomera kudzalipira ngongoleyo alamu akalephera, ndipo banja lonse maso ali pa ine. Pa mapemphero a m'mawa ndapeza Miyambo 22:26 ikuletsa kuperekera ena chikole pa ngongole. Komatu Yesu pa Mateyu 5:42 akuti wofuna kukongola tisamupotolokere. Ndimvere mawu ati?

Yankho: Bambo, pa ziwerengero zomwe mwaperekazi, musasaine. Komanso musangokana n'kupinda manja, chifukwa pali njira zingapo zowathandizira alamu anuwo popanda kuika pakhosi panu chingwe chimene simungathe kumasula. Mavesi awiri mwatchulawo sakukangana ayi. Lina likunena za kupereka zomwe muli nazo, linalo likunena za kulonjeza zomwe mulibe.

Tiyambe ndi momwe buku la Miyambo limalankhulira, poti ambiri amapunthwa pomwepa. Mwambi si lamulo ngati Malamulo Khumi, komanso si lonjezo loti zidzachitika motero nthawi zonse. Ndi nzeru yofuna kuti munthu azindikire nthawi yake. Tsegulani Miyambo 26. Vesi 4 likuti usayankhe chitsiru monga mwa uchitsiru wake, vesi 5 lomwe lili pansi pakepo likuti uchiyankhe. Amene anasonkhanitsa miyamboyi sanasokonezeke. Anaika mavesiwa moyandikana mwadala kuti wowerenga adzifunse kuti lero ndi tsiku la vesi liti. Ifenso timatero. Agogo omwe amati kuona maso a nkhono n'kudekha ndi omwewonso amati zengerezu adalinda kwawukwawu, ndipo palibe amene amawanena kuti akudzitsutsa.

Koma musatengerepo mwayi n'kunena kuti ndiye kuti mwambi wa chikolewu tingaulambalale. Nkhaniyi yabwerezedwa malo asanu ndi amodzi: 6:1-5, 11:15, 17:18, 20:16, 22:26-27 ndi 27:13. Paliponse chenjezo ndi limodzi, ndipo palibe vesi lina m'bukumo lotembenuza nkhaniyi monga momwe 26:5 imatembenuzira 26:4. Aphunzitsi a nzeru a ku Israeli akabwereza chinthu chotere, ndiye kuti anaona mabanja ambiri akugwa nacho.

Kuti mumve kulemera kwake, onani momwe ngongole inkayendera masiku amenewo. Pangano ankamanga pogwirana dzanja pamaso pa anthu, ndipo wogwira dzanjayo ankasenza ngongole ya mnzake ngati yake. Chilamulo cha Mose chinkamuteteza kwambiri mmphawi wokongola. Pa Deuteronomo 24 wobwereketsa ankaletsedwa kulowa m'nyumba kukatenga yekha chikole, ankayenera kudikira panja. Ankaletsedwa kutenga mphero, chifukwa kulanda mwala woperera ufa n'kulanda moyo wa munthu. Akatenga chofunda cha mmphawi ankayenera kuchibweza dzuwa likamalowa kuti mwiniwake agone nacho. Tsopano werengani Miyambo 20:16: za munthu woperekera mlendo chikole akuti mulandeni chovala chake. Mmphawi amene njala yamukankhira m'ngongole akumveredwa chisoni, koma munthu amene analibe vuto n'kukalowa yekha m'ngongole ya wina sakumveredwa chisoni chomwecho. Ndipo ngongole sinkathera pa mwiniwake. Pa 2 Mafumu 4, mayi wamasiye analirira Elisa kuti mwamuna wake, munthu woopa Mulungu, wamwalira, ndipo mwini ngongole akubwera kudzatenga ana ake awiri akhale akapolo. Kuopa Mulungu kwa bamboyo sikunafafanize ngongole.

Mwina mukuti mumtima, mavesiwa akunena za mlendo, pomwe awa ndi alamu. Zoona, 11:15 ndi 20:16 akutchula mlendo. Koma 6:1 ndi 17:18 akutchula mnzako, munthu wapafupi, ndipo 17:18 ikumunena wochita zoterozo kuti ndi wopanda nzeru. Chibale sichisintha masamu. Chimene chimasintha ndi chakuti kukana kumawawa kwambiri, ndipo zikavuta, kukalonjerera ndalama zanu kumawawa koposa.

Chinsinsi chili pa vesi lomwe simunalitchule, 22:27. Likufunsa kuti ngati ulibe chobwezera, n'chifukwa chiyani alande bedi lako ukuligonera? Mawu oti "ngati ulibe chobwezera" ndiwo muyeso. Ndi muyeso womwewo mungamvetse anthu a m'Baibulo amene anaimira anzawo ndipo sanadzudzulidwe. Paulo analembera Filemoni kuti ngati Onesimo ali ndi ngongole, awerengere iye, ndipo anawonjezera kuti ndalemba ndi dzanja langa, ndidzalipira. Sananene kuti Onesimo ndi mwana wabwino, adzabweza. Anati ine ndidzalipira. Chitsanzo chakuthwa kwambiri chili m'Genesis. Yakobo atakana kutumiza Benjamini ku Igupto, Rubeni anati ndikapanda kubwera naye muphe ana anga awiri (42:37), ndipo Yakobo sanamumvere. Pambuyo pake Yuda anati ine ndikhala chikole chake, mudzamufune kwa ine (43:9), ndipo zitavuta pamaso pa Yosefe anadziperekadi kuti akhale kapolo m'malo mwa mng'ono wake (44:33). Rubeni anaika chikole miyoyo ya ena, Yuda anadziika yekha. Funso lanu ligone pamenepa: malipiro anu a K420,000 ndi anu nokha? Muli ufa wa ana, lendi, fizi, mankhwala a makolo. Mukasainira ngongole yoti ikagwa idzadya zimenezo, mwayenda njira ya Rubeni, ngakhale mumtima mukumva ngati Yuda.

Pali mmodzi amene analonjeza popanda malire ndipo Yesu anamuyamikira: Msamariya uja. Anasiya ndalama ziwiri zasiliva, malipiro a waganyu a masiku awiri, n'kuuza mwini nyumba ya alendo kuti chilichonse chimene awononge kuposa apo adzabweza (Luka 10:35). Koma apo panali munthu ali pafupi kufa. Alamu anu akanakhala m'chipatala, yankho langa likanakhala lina. Bizinesi ya kabaza ndi ganizo labwino, koma ingathe kudikira miyezi ingapo popanda wina kufa.

Za Mateyu 5:42, werenganinso pamodzi ndi Luka 6:35, pomwe Yesu akuti kongoletsani osayembekezera kubwezeredwa. Mawuwa ndi olemera kuposa momwe timawamvera. Akufuna kuti chimene mwatulutsa mukhale okonzeka kusachionanso, popanda kusunga mangawa. Munthu sangakhale wokonzeka kutaya ndalama zimene alibe. Miyambo 3:27 ikunena zomwezo: usamane zabwino oyenera kuzilandira pamene dzanja lako lingathe kutero. Ndipo 19:17 ikuti wochitira chifundo wosauka akukongoletsa Yehova. Choncho buku lomwe likukuletsani kusaina ndi lomwenso likukuletsani kuumira.

Tsopano masamu, poti Miyambo 14:15 imati wachibwana amakhulupirira mawu onse koma wochenjera amayang'ana mayendedwe ake. Choyamba kufunsa abungwewo n'chakuti 5 peresentiyo amawerengera pa ndalama yonse mwezi uliwonse, kapena pa ndalama yotsala. Ngati ndi pa ndalama yonse, chiwongoladzanja ndi K100,000 mwezi uliwonse, kwa miyezi 12 ndi K1,200,000. Ngongole yonse ikhala K3,200,000, ndipo pamwezi pazifunika pafupifupi K266,700. Ngati ndi pa ndalama yotsala, pamwezi ndi pafupifupi K225,700, yonse pamodzi pafupifupi K2,708,000. Kusiyana kwake ndi pafupifupi theka la miliyoni, koma onse awiri pakamwa amati "5 peresenti". Apa sitinawerengere ndalama yolembetsera fomu, ya inshuwalansi ya ngongole, kapena chindapusa cha kuchedwa, zomwe nthawi zambiri amadula asanakupatseni ndalamazo kapena kuwonjezera pambuyo.

Ngati amawerengera pa ndalama yonse, alamu akalephera, K266,700 idzachoka pa K420,000 yanu mwezi uliwonse. Mudzatsala ndi K153,300. Lembani pa pepala lendi, chimanga, makala, magetsi, madzi, fizi, thiransipoti ndi chopereka cha ku tchalitchi, muone ngati zikukwana mu K153,300 kwa miyezi isanu ndi umodzi yotsatizana. Ngati sizikukwana, vesi 27 lija lakuyankhani kale.

Onaninso mbali ya njingayo. Alamu akamagwira ntchito masiku 26 pamwezi, ayenera kupatula pafupifupi K10,300 tsiku lililonse ya ngongole yokha, atachotsa kale mafuta, oilo, chakudya cha pakhomo pawo ndi kusungira matayala, tcheni ndi mabuleki. Afunseni ngati akhalapo pa siteji imene akufuna kukaimayo n'kuona kuti anzawo amapeza zingati tsiku labwino ndi tsiku loipa. Zimene zimagwetsa ngongole za kabaza kawirikawiri si ulesi. Ndi njinga kubedwa, makamaka usiku. Ndi ngozi yogoneka woyendetsa milungu itatu, njinga ili ku galaja. Ndi apolisi kuigwira chifukwa chosowa layisensi, inshuwalansi kapena kalembera. Ndi sabata yomwe mafuta asowa, munthu n'kuswera pa mzere kapena kugula okwera mtengo kwa mavenda. Ndi mitengo ya zipangizo kudumpha, monga zinachitikira kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023. Pa zonsezi njinga imaima koma chiwongoladzanja sichiima. Ngati K2,000,000 yonse ithera pa kugula njinga, popanda yotsala ya mapepala ndi helemeti, vuto layamba tsiku loyamba lomwelo.

Chinthu china chimene chapweteketsa anthu ambiri: pa fomu pamakhala malo a mboni ndi malo a guarantor, ndipo wobwereka, mwina mosadziwa, amangoti "mungondisainira ngati mboni". Mboni imangotsimikiza kuti yaona munthu akusaina. Guarantor amavomera kulipira. Musasaine tsamba lomaliza lokha lomwe akubweretserani pa sukulu nthawi yopuma; pemphani fomu yonse mugone nayo kunyumba. Yang'anani ngati mukuimira ndalama yodziwika kapena ngongole iliyonse imene alamu adzatenge kumeneko, chifukwa mafomu ena amakumangani ngakhale pa ngongole yowonjezera imene simudzauzidwa. Yang'anani ngati bungwe liyenera kuyamba lagulitsa chikole cha wobwereka lisanabwere kwa inu. Mabungwe ambiri amadzipatsa ufulu wobwera kwa inu mwachindunji, chifukwa wapantchito ndiye wosavuta kumupeza. Yang'anani ngati pali mawu ololeza kudula pa malipiro anu kapena pa akaunti yanu. Funsani chimene chimachitika wobwereka akamwalira kapena akalumala. Dziwaninso kuti ngongole ikavuta dzina lanu lingathe kulowa m'kaundula wa anthu osabweza bwino ngongole, ndipo tsiku lomwe inuyo mudzafune ngongole ya fizi ya mwana ku koleji mudzapeza chitseko chotseka. Bungwe limene likukana kukupatsani fomu kuti mukawerenge kunyumba lakuuzani kale zambiri za khalidwe lake.

Nanga muwathandize bwanji? Khalani pansi ndi mayi a kunyumba mupeze ndalama imene mungataye popanda ana kugona ndi njala komanso popanda kuwasungira alamu chakukhosi. Kaya ndi K150,000, kaya K300,000, imeneyo ndiyo mphamvu ya dzanja lanu. Mungaipereke ngati mphatso, zomwe ndimaona kuti n'zabwino kuposa ngongole ya pachibale, imene imasandutsa maliro ndi maukwati malo ozembana. Ndalama imeneyo ingagwire ntchito yeniyeni: kulipirira layisensi ndi helemeti kuti alamu ayambe ndi kuyendetsa njinga ya eni, monga amayambira ambiri, n'kumasunga kwa miyezi ingapo. Miyezi imeneyo idzaonetsa, popanda wina kunyozedwa, ngati ntchitoyi akuitha ndiponso ngati K10,300 patsiku ndi yotheka. Angathenso kulowa SACCO (bungwe limene mamembala ake amasunga ndi kubwereketsana ndalama) kapena banki nkhonde, komwe ngongole imayenderana ndi zomwe munthu wasunga, kuti adzabwereke zochepa. Ngati banja likuumirira za ngongole yomweyi, pemphani kuti njingayo ikhale chikole choyamba, ikhale ndi inshuwalansi yolipira ikabedwa, ndipo abale ena agawane nanu udindo, aliyense ndalama yake yolembedwa pa fomu. Bungwe likalola kuti inu muimire K300,000 yokha, ndipo mwaona kuti mungailipire, kusaina kumeneko sikutsutsana ndi Miyambo 22:27. Chokhacho, kuyambira tsiku losaina muziiwerenga ndalamayo ngati yatuluka kale.

Mbali yovuta kwenikweni si ya masamu. Kwa ife a chikamwini, achimwene a akazi anu si munthu wamba: ndi atsibweni a ana anu, mwina ndi eni mbumba, mwinanso ndi ankhoswe a banja lanu lomwe. Kuwakana kumamveka ngati mkamwini wadzikweza. N'chifukwa chake munthu woyamba kulankhula naye ndi mayi a kunyumba, muli awiri, pepala la masamu lija lili patebulo. Musawafunse kuti asankhe pakati pa inu ndi achimwene awo. Afunseni kuti, "Amayi, tikatsala ndi K153,300, tichotse chiyani pa mndandandawu?" Akaona okha kuti chochotsedwacho ndi fizi ya mwana wawo, yankho limakhala la nonse. Mukasaina mobisa kapena kukana mobisa, mlandu wa ngongole udzasanduka mlandu wa banja.

Kwa alamuwo pitani nokha, musatume uthenga wa pa WhatsApp. Musaname kuti muli kale ndi ngongole ina ngati mulibe, kapena kuti kuntchito amaletsa. Bodza lotere limaululika ndipo limawawa kuposa kukana. Musawazengerezenso ndi "tionana mawa" pomwe mwatsimikiza kale, zomwe Miyambo 3:28 ikuletsa. Ndipo musawawerengere vesi ngati chishango, chifukwa adzamva ngati mukuwatcha mlendo wosadalirika. Mungathe kunena motere: "Alamu, ganizo la njingali ndaliona ndipo ndikufuna litheke. Koma ndawerengera, zitati zavuta ngakhale osati chifukwa cha inu, sindingathe kulipira K266,700 pamwezi ana osavutika. Sindikufuna kulonjeza chimene sindingakwanitse. Chimene tingathe ine ndi alongo anu ndi ichi." Mukatero tchulani ndalamayo ndi tsiku lomwe mudzapereke. Mwina adzakhumudwa, apongozi mwina adzalankhula. Mkwiyo wa mwezi umodzi umapola msanga kusiyana ndi wa tsiku lomwe akatundu anu akukwezedwa pa galimoto chifukwa cha njinga yomwe inabedwa kalekale.

Popeza nkhaniyi mwaipeza pa mapemphero a m'mawa, ipitirizeni pomwepo kwa masiku angapo musanayankhe. Njira yowerenga chaputala chimodzi cha Miyambo tsiku lililonse, poti machaputala ndi 31, ndi yabwino pozolowera bukuli, koma pa chisankho ngati ichi ndi bwino kusonkhanitsa mavesi a mutu umodzi n'kuwaika pamodzi, chifukwa vesi limodzi lokha munthu amalikokera komwe mtima wake ukufuna kale. Werengani asanu ndi amodzi a chikole aja tsiku lina, tsiku linalo a kupatsa: 3:27-28, 11:24-25, 19:17, 21:13, 28:27. Pempherani modzifufuza mbali zonse ziwiri. Pali anthu amene amabisa umbombo kuseri kwa Miyambo 22:26, ndipo kwa iwo 21:13 ikuti wotseka makutu pa kulira kwa wosauka nayenso adzalira osamvedwa. Palinso ena amene amasaina osati chifukwa cha chikondi koma chifukwa choopa kunenedwa, kapena chifukwa n'kokoma kutchedwa mkamwini wodalirika; kwa iwo 29:25 ikuti kuopa anthu kumatchera msampha. Inu nokha mukudziwa mbali yomwe mtima wanu umapendekera. Ngati muli ndi mkulu wa mpingo wodziwa kusunga chinsinsi komanso wodziwa za ndalama, muonetseni fomuyo. 15:22 imati zolinga zimalephereka popanda uphungu. Wongokuuzani kuti "sainani mwachikhulupiriro, Mulungu adzapereka" mufunseni mwaulemu ngati iye angasaine nanu limodzi.

Mwina ena owerenga anasaina kale. Miyambo 6:1-5 inalembedwera inu, ndipo siikuti khalani pansi mudandaule. Ikuti pita, dzichepetse, umuumirire mnzakoyo, usagone tulo, dzipulumutse ngati mphoyo m'dzanja la mlenje. Pochita zake ndi izi. Pitani ku bungwelo sabata ino mukapemphe kope la zomwe munasaina ndi chikalata choonetsa ndalama yotsala. Pemphani, polemba kalata, kuti azikudziwitsani wobwereka akangophonya mwezi umodzi, chifukwa ambiri amamva patapita miyezi inayi chindapusa chitaunjikana, komanso kuti asawonjezere ngongole ina pa dzina lanu popanda siginecha yanu yatsopano. Gwirizanani ndi wobwerekayo kuti azikuonetsani lisiti mwezi uliwonse; kufunsa lisiti si kumunyoza, ngongoleyo ndi yanunso. Funsani ngati bungwe lingalole kuti chikole china kapena munthu wina alowe m'malo mwanu, ngakhale sali okakamizidwa kuvomera. Ngati bizinesi yayamba kale kutsimphina, kugulitsa njinga idakali ndi mtengo n'kutseka gawo lalikulu la ngongole n'kwabwino kuposa kudikira kuti ilandidwe itatha. Musapite kwa akatapila kuti mutseke bowo ili, chifukwa mudzakhala mwasinthanitsa chiwongoladzanja cha 5 peresenti ndi china chokwera kangapo.

Chimene simungachite ndi kuthawa siginecha yanu. Salimo 15:4 imayamikira munthu amene akalumbira, ngakhale zimupweteke, sasintha. Ngongole ikagwera inu, kakambiraneni ndi bungwe kuti akutalikitsireni nthawi kuti ndalama ya pamwezi ichepe, zilembedwe, ndipo muzisunga lisiti iliyonse. Malisiti amenewo ndiwo umboni wa zomwe wobwerekayo ayenera kukubwezerani, kaya mudzasankha kuzilonjerera pamaso pa akuluakulu a banja kapena kumukhululukira.